Pakati pa Jaguar ndi Datsun, Ife Tasankha Imene Inkafika

Pali magalimoto awiri akale amene okonda zamagalimoto sasiya kuwayerekeza: Jaguar E-Type ya ku Britain, imene inatuluka mu 1961, ndi Datsun 240Z ya ku Japan, imene inatuluka kumapeto kwa 1969. Mutawaimika pamodzi n'kuwaonera patali, mungaganize kuti ndi apachibale. Onse ali ndi mphuno yaitali, mipando iwiri yokhala cha kumbuyo, msana wotsetsereka mpaka kumchira, ndipo pansi pa boneti pali injini ya masilinda 6 ondandalikidwa mzere umodzi. Onse anapangidwira munthu wofuna liwiro ndi chisangalalo, osati wonyamula matumba a chimanga. Mukafunsa kuti wopambana ndi uti, anthu ambiri sachedwa kuloza Jaguar. Ife tikuloza Datsun, ndipo sitikuchita izi chifukwa choimvera chisoni.

Tikudziwa kuti wina afunsa kuti nkhani ya magalimoto a anthu olemera ingathandize chiyani ophunzira amene fizi ikuwasowetsa tulo. Funsolo n'loyenera. Palibe mmodzi wa ife amene akuyembekeza kudzaimika E-Type pakhomo pake. Koma taganizani: minibasi imene inatibweretsa kuno potsegulira temu, Sienta imene imatitenga m'tauni, Probox imene imabweretsa katundu kumsika, zonsezi n'zochokera ku Japan. Agogo athu ankakwera Bedford, Leyland, Morris, Austin ndi Land Rover, magalimoto a ku Britain okhaokha. Kusintha kumeneku sikunangogwa kuchokera kumwamba. Kuli ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo imaoneka bwino kwambiri mukaika magalimoto awiriwa pamodzi.

Tiyambe ndi kupereka ulemu kumene ukuyenera kupita. E-Type itaonetsedwa koyamba ku Geneva, m'dziko la Switzerland, mu Malichi 1961, anthu anachita kukhamukira. Galimoto yoyamba anaiyendetsa pamsewu kuchokera ku Coventry, kwawo kwa Jaguar, n'kufika kutangotsala nthawi yochepa kuti atolankhani ayambe kuiona. Ofuna kukweramo atachuluka, mkulu wa kampaniyo, Sir William Lyons, analamula kuti ina ibwere msanga. Norman Dewis, amene ntchito yake inali kuyesa magalimoto a Jaguar, ananyamuka madzulo, kuwoloka nyanja pa sitima ku Dover, n'kuthamanga usiku wonse mpaka ku Geneva. Zimamveka kuti ngakhale Enzo Ferrari, munthu amene sankayamikira wamba ntchito ya anzake, anavomereza kuti sanaonepo galimoto yokongola chotero.

Amene anakonza maonekedwe ake ndi Malcolm Sayer, munthu amene anayamba wagwira ntchito ku kampani yopanga ndege ya Bristol. Iyeyu sankafuna kutchedwa wokongoletsa magalimoto. Mapindidwe a chitsulo ankawawerengera ndi masamu, pofuna kuti mphepo izidutsa bwino pathupi la galimoto, ndipo ndi nzeru yomweyo imene anapangira D-Type, galimoto yamipikisano imene inapambana ku Le Mans, pa mpikisano wa maola 24, zaka zitatu zotsatizana: 1955, 1956 ndi 1957. E-Type inali ngati mwana wa D-Type wovekedwa zovala zoyendera m'tauni. Inali ndi mabuleki a madisiki kumatayala onse anayi pa nthawi imene magalimoto ambiri anali ndi mabuleki a madiramu. Tayala lililonse lakumbuyo linkakwera ndi kutsika palokha, osakoka linzake. Injini yake ya malita 3.8 inali ndi makabureta atatu, ndipo kampani inkati imatulutsa mphamvu yokwana 265 horsepower ndi liwiro la makilomita 240 pa ola.

Chimene chinadabwitsa anthu kuposa zonsezi ndi mtengo. Yopanda denga inkagulidwa mapaundi 2,097, ya denga mapaundi 2,196, msonkho uli momwemo. Aston Martin yothamanga mofanana inkadula pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo Ferrari inkadula kuposa apo. Choncho amene amati Jaguar inali ya olemera pomwe Datsun inali ya osauka sanaimvetse nkhaniyi. Magalimoto onse awiri anatchuka pa chifukwa chimodzi: anapatsa wogula zambiri pa ndalama zochepa kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Pamene anasiyana ndi pa njira imene makampani awiriwa anatsitsira mtengo, ndipo ndi pamenepa pamene pagona mlandu wathu wonse.

Lyons anali munthu wa diso lakuthwa pa zokongola, komanso wodziwika ndi kuumira pa ndalama. Zimene wogula ankaziona ndi kuzikhudza m'sitolo, monga chikopa cha pamipando, chiwongolero cha mtengo ndi mawotchi a padeshibodi, ankazisamala kwambiri. Zimene wogula akanadzazidziwa patapita miyezi, ndi zimene ankachepetserapo ndalama. Giyabokosi ya E-Type zoyambirira, yotchedwa Moss, inali yachikale kale pamene galimotoyo inkatuluka. Giya yoyamba inalibe kachipangizo kolinganiza liwiro la mano, kotero kuilowetsa galimoto ikuyenda kunkafuna luso, apo ayi inkalira ngati chigayo chatafuna mwala. Kafani koziziritsa rediyeta kanali ka mapiko awiri okha, kofooka, ndipo galimoto ikaima pamdipiti tsiku lotentha madzi ankabwadamuka. Zamagetsi zinali za kampani ya Lucas, imene eni magalimoto a ku Britain anaipatsa dzina lachipongwe lotanthauza kalonga wa mdima, chifukwa cha nyali zozima pa nthawi imene munthu akuzifuna. Munthu wamtali ankasowa poika miyendo, ndipo kutentha kwa injini kunkalowa mpaka kumapazi. Ngakhale liwiro lija la makilomita 240 pa ola, magalimoto amene analifikira m'manja mwa atolankhani anali atakonzedwa mwapadera. Ambiri amene anthu ankagula ankaperewera pang'ono. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene ali ndi m'bale wake makaniko amufunse za zinthu ziwiri izi. Choyamba, mabuleki akumbuyo a E-Type sali kumatayala koma m'kati, pafupi ndi difu. Kwa wothamanga zimenezi n'zabwino, chifukwa tayala likapepuka limagwira msewu bwino. Kwa wokonza ndi mtolo: ntchito yaikulu pa mabuleki amenewa imafuna kutsitsa chimango chonse cha kumbuyo. Chachiwiri, kuti musinthe kilatchi muyenera kutulutsa injini pamodzi ndi giyabokosi. Ntchito imene pa galimoto wamba imatha tsiku limodzi, pa E-Type imakhala ya masiku, ndipo bilu yake imatsatira masikuwo. Mwini galimoto ankalipira pang'ono pogula, kenako n'kumalipira chotsalacho ku galaja chaka ndi chaka.

Tisanamizire Jaguar kuti sinakonzeko kanthu. Kumapeto kwa 1964 inatulutsa injini ya malita 4.2, giyabokosi yatsopano yolowa bwino magiya onse, ndi mipando yabwinopo. Ambiri amati E-Type ya zaka zimenezi ndiyo yabwino koposa, ndipo ife tikugwirizana nawo. Koma posakhalitsa zinthu zinayamba kutsetsereka. E-Type zambiri zinkagulitsidwa ku America, ndipo malamulo atsopano a kumeneko okhudza utsi ndi chitetezo anachotsetsa magalasi ovundikira nyali, anachepetsa makabureta kukhala awiri, mphamvu n'kutsika. Mu 1968 Jaguar inapezeka ili m'kati mwa British Leyland, chikampani chachikulu chophatikiza mayina ambiri, chosowa ndalama, chodzaza ndi mikangano ya mabwana ndi kunyanyala ntchito. Mu 1971 anaikamo injini yaikulu ya masilinda 12, ya malita 5.3, galimoto n'kutalika, kunenepa ndi kumwa petulo ngati ngamila, ndipo patangopita zaka ziwiri mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse. E-Type yomaliza inapangidwa mu 1974. Onse pamodzi anali magalimoto opitirira pang'ono 72,000.

Tsopano Datsun. Chinthu choyamba chimene tiyenera kuvomereza, ndipo tikuchivomereza mosachita manyazi, n'chakuti Nissan, kampani imene inkapanga Datsun, inaphunzira ntchito kwa Angerezi omwewo. Mu 1952 inasainirana pangano ndi Austin loti izilumikiza magalimoto a Austin ku Japan. Inayamba ndi A40, zipangizo zikuchokera ku Britain m'mabokosi, kenako A50, ndipo patapita zaka zochepa chipangizo chilichonse cha galimotoyo chinkapangidwa ku Japan komweko. Ngakhale makabureta awiri a pa 240Z, opangidwa ndi Hitachi, anali a mtundu wa SU, womwewo umene unali pa E-Type. Wophunzira anakhala pansi, n'kuonetsetsa mmene mphunzitsi amagwirira ntchito, n'kuonanso pamene mphunzitsiyo amachita mphwayi.

Munthu amene dzina lake silisiyana ndi 240Z ndi Yutaka Katayama, amene anthu a ku America ankangomutcha Mr K. Mu 1958 anatsogolera gulu la Nissan ku mpikisano wozungulira dziko lonse la Australia, ndipo kagalimoto kakang'ono ka Datsun 210 kanapambana m'gulu lake. Mu 1960 anatumizidwa ku America, kumene dzina la Datsun linali losadziwika ndipo katundu wa ku Japan ankatengedwa ngati zidole zosachedwa kuthyoka. Katayama anayendera ogulitsa magalimoto mmodzimmodzi, ambiri a iwo ang'onoang'ono ogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, n'kumamvetsera madandaulo a ogula. Anaona kuti achinyamata a kumeneko ankakonda magalimoto othamanga a ku Britain monga MG, Triumph ndi Jaguar, koma ankatopa ndi madenga odontha, oilo wotayikira pansi ndi injini zokana kulira m'mawa kukazizira. Zimene anapempha ku likulu ku Japan zinali zomveka: galimoto ya denga, yoti munthu wamtali akhalemo momasuka, yothamanga mokwanira, yosavuta kukonza, ya mtengo woti munthu wapantchito wamba angaufikire. Gulu lotsogozedwa ndi Yoshihiko Matsuo ndilo linakonza maonekedwe ake. Ku Japan anaitcha Fairlady Z, dzina lochokera ku sewero la nyimbo la My Fair Lady limene mkulu wina wa Nissan analikonda. Katayama anadziwa kuti mnyamata wa ku California sangagule galimoto yothamanga ya dzina lotero, ndipo ku America inatuluka ndi dzina la 240Z.

Pa manambala okha, Datsun imagonja. Injini yake inali ya malita 2.4, mphamvu 151 horsepower, liwiro pafupifupi makilomita 200 pa ola. Mabuleki a madisiki anali kutsogolo kokha, kumbuyo kunali madiramu. M'kati munali pulasitiki wambiri, wopanda fungo la chikopa. Koma mtengo wake ku America unali madola 3,526, pamene E-Type inkapitirira madola 5,000. Ndalama imeneyo inali pafupifupi yofanana ndi ya MGB GT, galimoto ya masilinda anayi imene mphamvu yake sinkafika 100 horsepower. Anthu analembetsa mayina n'kudikira miyezi kuti apeze yawo, ndipo pa zaka zinayi, kuyambira 1970 mpaka 1973, ku America kokha kunagulitsidwa pafupifupi 150,000. Kumeneko ndi kuwirikiza kawiri chiwerengero cha E-Type zonse zimene zinapangidwa pa moyo wonse wa galimotoyo.

Nanga Nissan inatsitsa bwanji mtengo? Yankho lake lili mu injini. Injini ya 240Z, yotchedwa L24, inali ya banja limodzi ndi injini ya masilinda anayi ya Datsun 1600, galimoto wamba yonyamula mabanja, imene ku America ankaitcha 510. Kukula kwa masilinda kunali kofanana, anangowonjezerapo awiri. Zipangizo zambiri zinali zitayesedwa kale pa magalimoto masauzande ambiri oyenda m'misewu ya mayiko osiyanasiyana, ndipo chifukwa chopangidwa zochuluka, chilichonse chinkatsika mtengo popanda kuchepetsa ubwino wake. Makaniko amene ankadziwa Datsun 1600 sankachita mantha akatsegula boneti ya 240Z. Kilatchi ankasintha potsitsa giyabokosi yokha, monga pa galimoto ina iliyonse. Jaguar inasunga ndalama pa zinthu zimene wogula sankaziona. Nissan inasunga ndalama pa zinthu zimene wogula ankaziona, monga pulasitiki wa m'kati uja, n'kuonetsetsa kuti zobisikazo zikugwira ntchito. Pa njira ziwirizi, ife tikuona kuti yachiwiri ndiyo yolemekeza munthu amene watulutsa ndalama yake.

Umboni waukulu wa zimenezi unaperekedwa kuno ku Africa. Mpikisano wa East African Safari unayamba mu 1953 pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II, ndipo unkadutsa m'misewu ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Unkachitika nthawi ya Pasaka, pamene mvula yaikulu imayamba m'chigawo chimenecho, pa misewu yosatsekedwa, yodutsamo malole, ng'ombe, njinga ndi nyama zakutchire. Kukakhala kouma, woyendetsa ankalimbana ndi fumbi loti sangaone ngakhale boneti yake. Mvula ikagwa, dothi lakuda la makande linkasanduka phala lomeza galimoto mpaka m'zitseko, ndipo timitsinje touma tinkadzaza pa ola limodzi. Aliyense amene anayendapo pa msewu wafumbi wa kwathu kuno mu Febuluwale safunika kumufotokozera zambiri. Ulendo wake unali wa makilomita masauzande angapo, usana ndi usiku, kwa masiku angapo. Mu 1963, mwa magalimoto oposa 80 amene ananyamuka, 7 okha ndiwo anafika.

Mu 1971, pasanathe zaka ziwiri chitulukireni, 240Z inalowa mpikisano umenewu, umene chaka chimenecho unali wa makilomita opitirira 6,000. Ford ndi Porsche anatumizanso magalimoto ndi akatswiri awo. Woyamba kufika anali Edgar Herrmann, mbadwa ya ku Germany yokhala ku Kenya, pamodzi ndi Hans Schüller, pa 240Z. Wachiwiri anali Shekhar Mehta, mnyamata wobadwira ku Uganda, nayenso pa 240Z. Chaka chotsatira Idi Amin anathamangitsa Amwenye m'dziko la Uganda, banja la Mehta lili m'gulu lomwelo, ndipo iye anakakhazikika ku Kenya. Mu 1973 anabwerera pa mpikisanowo n'kuupambana pa 240Z imene inafika kumapeto mbali ina ya kutsogolo itaphwanyika. Mehta anadzaupambananso kanayi motsatizana, kuyambira 1979 mpaka 1982, ndipo maulendo onsewo anali pa magalimoto a Nissan.

Wina anganene kuti tikukondera, popeza magalimoto a mpikisanowo anali atalimbitsidwa, atakwezedwa, ndi zitsulo zoteteza pansi, komanso E-Type sinapangidwire matope. N'zoona. Pa phula losalala E-Type inali ndi mawu ake: inapambana mpikisano wake woyamba ku Oulton Park mu Epulo 1961, Graham Hill ali pa chiwongolero. Koma pa mipikisano ikuluikulu ya phula lomwelo inkagonja kwa Ferrari 250 GTO, ndipo Jaguar inangopanga magalimoto 12 opepuka a aluminiyamu poyesa kubwezera, n'kusiyira pomwepo. Ndiponso 240Z nayo sinapangidwire matope. Inapangidwira misewu ikuluikulu ya ku California. Kuti galimoto yotsika, ya mipando iwiri, yoti achinyamata azinyadira m'tauni, ikhale ndi mafupa otha kupirira Safari kawiri, n'chifukwa chakuti inachokera m'nyumba imene kulimba kunali chizolowezi. Datsun 1600 ija, mchimwene wake wa masilinda anayi, inali itapambana kale mpikisano womwewo mu 1970, Herrmann yemweyo akuyendetsa.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi china, ndipo sitikufuna kuchizemba. Chimati: popanda E-Type sipakanakhala 240Z. Yang'anani mphuno yaitali ija, nyali zolowa m'maenje, chitseko cha kumbuyo pa msana wotsetsereka. Amene anayamba kuganiza zimenezi ndiye woyenera ulemu, ndipo wobwera patapita zaka 8 ali ndi mwayi woona zolakwa za mnzake. Mu 1996 nyumba yosungiramo zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inatenga E-Type n'kuiika pakati pa zosema ndi zojambula. Chitsutso chimenechi chili ndi mphamvu, ndipo pa nkhani ya kukongola tikugonja. E-Type ndi yokongola kuposa 240Z. Amene akukana zimenezi akungofuna mkangano. Mukaiyang'ana cham'mbali, itaima chabe, imaoneka ngati ikuthamanga kale, pamene Datsun, ngakhale ili yooneka bwino, mizere yake ndi youmirapo.

Koma taonani kumene zaka 8 zija zikuloza. Jaguar nayo inali nazo zaka zomwezo. Inkalandira madandaulo omwewo amene Katayama ankawamva, ndipo inkawalandira mwachindunji kuchokera kwa ogula ake. Pofika 1969 inali ndi injini imene maziko ake anali a mu 1948, fakitale ya Browns Lane ya zida zokalamba, ndi eni atsopano opanda ndalama zokonzera zimenezi. Mlandu sitikuuika pa anthu amene ankamanga mabawuti m'fakitale, monga ena amachitira. Munthu sangamange bwino ndi chipangizo chimene bwana wake anasankha chifukwa chotchipa. Tikuuika pa kaganizidwe koti dzina lotchuka ndi nkhope yokongola zidzapitiriza kugulitsa galimoto ngakhale wogula akudandaula. Kaganizidwe kameneka kanagwira ntchito malinga ngati panalibe wina wopereka zofananazo popanda mavutowo. Wotereyo atangopezeka, ogula anasamuka.

Ndipo kutengera nzeru kwa wina sitikuona kuti n'chonyozetsa. Sayer anatenga nzeru zake ku ndege. Mabuleki a madisiki amene Jaguar inatchuka nawo inawakonza pamodzi ndi Dunlop, kuchokeranso ku ndege. Aliyense amayambira pa ntchito ya wina. Pano pa koleji timakonda kuombera m'manja mnzathu amene wabwera ndi ganizo lowala pa tsiku loonetsa mapulojekiti, ndipo sitifunsa kawirikawiri ngati chinthucho chidzagwirabe ntchito temu yamawa. Amene anakhala mpaka usiku akuyesa waya uliwonse, kapena kubwereza mawerengero kachitatu, dzina lake silimveka. Katayama mwiniwake sanalandire ulemu waukulu ku likulu la kampani yake pa nthawi imene ankagwira ntchito. Unadzabwera mochedwa, ndipo mwamwayi anauona, poti anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 105.

Datsun nayo inali ndi nyerere zake, tisabise. Chitsulo chake chinali chopyapyala ndipo chinkadyedwa ndi dzimbiri mofulumira, makamaka m'madera amene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Zambiri zinawola pansi injini ikadali yamoyo, ndipo n'chifukwa chake 240Z yosawola ndi yosowa lero. Mu 2020 ina yosamalidwa bwino kwambiri inagulidwa madola 310,000. E-Type nayo imachita dzimbiri, choncho apa palibe woseka mnzake. Makabureta amene anaikidwa pa 240Z ya 1973 pofuna kukwaniritsa malamulo a utsi a ku America anali ovuta, makamaka kukatentha, ndipo 260Z ndi 280Z zimene zinatsatira zinanka zilemera. Pa msika wa magalimoto akale lero, E-Type yabwino kawirikawiri imadulabe kuposa 240Z yabwino. Koma msika umenewo ndi wa anthu okhala ndi magalimoto ena asanu, amene amatulutsa yakaleyo kukacha bwino n'kuibweza m'galaja dzuwa lisanalowe. Munthu wa mu 1970 amene anali ndi galimoto imodzi yokha, yopitira kuntchito Lolemba ndi kokayenda pa tchuthi, ankafunsa funso lina. Ndi funso lomwe tingafunse ife atatipatsa makiyi awiri ku Blantyre n'kutiuza kuti mawa tikapezeke ku Karonga.

Zimene zinachitika pambuyo pake n'zodziwika. Fakitale ya MG ku Abingdon inatsekedwa mu 1980. Triumph inasiya kupanga magalimoto othamanga mu 1981, ndipo galimoto yomaliza kukhala ndi dzina la Triumph, yotchedwa Acclaim, inali Honda yolumikizidwa ku Britain. Zinthu zinali zitatembenuka: pasanathe zaka 30 kuchokera pamene Nissan inkatsegula mabokosi a zipangizo za Austin, Angerezi anali akulumikiza galimoto ya ku Japan n'kumatapo dzina lawo. Dzina la MG lero lili m'manja mwa kampani ya ku China, ndipo Jaguar ili pansi pa Tata ya ku India kuyambira 2008. Sitikunena kuti 240Z yokha ndiyo inachita zonsezi. Corolla, Civic ndi timapikapu ta Datsun tinanyamula mtolo waukulu. Kapikapu ka Nissan 1400, kamene ambiri a ife tinakakwerapo kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza, kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Chimene 240Z inachita ndi kuchotsa chodzikhululukira chomaliza, chija chakuti anthu a ku Japan amangodziwa kupanga timagalimoto totchipa topanda chikoka. Inalowa m'bwalo limene Angerezi ankaliyesa lawolawo, n'kupambana momwemo.

Magalimoto a dzina la Z akupangidwabe mpaka lero. Awiri aja amene anapambana Safari, Nissan inawasunga m'nyumba yake yosungiramo magalimoto akale ku Zama, kufupi ndi Tokyo. Ya Herrmann ili ndi nambala 11 pachitseko, ndipo ya Mehta anaisiya ndi mabala ake a kutsogolo monga inafikira mu 1973.